Tsiku Limene Ndinalembetsa Apongozi M'buku

Anthu akamadutsa kwa Kachiswe n'kundipeza nditakhala pansi pa mtengo wa mango, pambali pa sikelo, amayesa kuti malowo ndinachita kusankha. Ena amafika ponena kuti, "Akuluwa anachita mwayi, ntchito ili pakhomo." Ine ndimangovomera kuti ee, mwayi. Koma zoona zake n'zakuti pamtengo pamenepo anandimangirirapo ndi lilime langa lomwe, ndipo mfundo yake ndinaithinitsa ndekha, anthu akuona.

Zinali m'zaka za chitaganya. Chadiza nthawi imeneyo inali isanakule: maofesi owerengeka a boma, masitolo awiri a amwenye, ndi shedi ya malata ya kopaletivi ya alimi, kumene ine ndinkagwira ntchito yogula nsawa (ena mumati mtedza, m'kamwa n'chimodzimodzi). Ogula tinalipo anayi. Aliyense ankapatsidwa njinga ndi debe loyezera, n'kumazungulira midzi anthu akangomaliza kukumba, kuwanyengerera kuti asagulitse kwa amwenye kapena kuwolotsa kwa Apwitikizi. Ukasonkhanitsa zokwanira unkapeza ngolo yokatula matumba ku shedi. Wobweretsa matumba ambiri ndiye ankadya bwino, ndipo wobweretsa matumba ambiri, chaka ndi chaka, ndinali ine.

Sindikudzitama (chabwino, ndikudzitama pang'ono), koma ntchito ndinkaidziwa. Ndinakulira kuseri kwa kauntala ya mmwenye, kumene ndinaphunzira kuti wogula sayamba ndiye kutchula mtengo, ndiponso samwetulira katundu asanamangidwe. Nsawa ndinkaigwedeza pakhutu: youma imalira, yonyowa imangoti duu. Dzanja ndinkapisa m'thumba mpaka m'chigongono, poti zabwino aliyense amaika pamwamba. Pa mutu wa debe, kaphiri kaja kotumphuka pamwamba, ndinkatha kukangana ndi mayi mmodzi kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka, n'kusiyana tikuseka, mutu uli wanga.

Koma chinsinsi chenicheni sichinali khutu kapena chigongono. Chinali mudzi wa kwa Kachiswe, cha ku Zingalume, tsidya lina la mtsinje. Dothi lake limabala nsawa zikuluzikulu ngati chala cha manthu, ndipo theka la matumba anga linkachokera kumeneko. Ogula anzanga sankapitako chifukwa powolokera pa njira ya miyendo pali matope oti ngolo siyerekeza. Chimene sankadziwa n'chakuti ukakwera pang'ono kumtunda, pa mkuyu wopindika, pansi pa madzi pali thanthwe losalala ngati khonde la mzungu. Matumba akafika ku shedi, ine ndinkangoti achokera kwa Kapuche, mudzi wina wa tsidya lino. Thumba silinena kwawo.

Kwa Kachisweko ndiko ndinakwatira. Mkazi wanga Nabanda anali wa komweko, ndipo ine ndinali pachikamwini chaka chachinayi, ndi mwana mmodzi, Tereza. Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa. Munda wa apongozi uli pakhosi pako, nkhokwe ikapendama akuyang'ana iwe, ndipo ukakumana ndi apongozi aakazi panjira uyenera kupatukira m'tchire, kaya muli minga kaya muli linthumbwi, chifukwa mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Apongozi anga sankandilankhula. Akafuna kuti ndimve kanthu ankauza mwana wawo, ndipo mwana wawo akachokapo ankauza abakha awo, mokweza, ine ndili kuseri kwa mpanda.

Choncho mtima wanga wonse unali pa chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi wanga tikakhale kwa tokha. Ndinali nditapeza kale malo pafupi ndi boma, njerwa nditaumba, zitaunjikidwa bwinobwino. Mwini mawu pa nkhani imeneyi anali atsibweni a mkazi wanga, a Galasiano, mmisiri wokhoma zidebe, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndinawapititsira shuga, bulangeti, khasu latsopano. Zonse ankalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Tamva, akamwini. Tiona zikakololedwa." M'moyo wanga wonse, munthu amene ndinalephera kumutsitsa mtengo ndi ameneyu.

Tsono kunagwa maliro. A Mvula, wamkulu wa ogula tonse, amene ankayendera mbali ya Pembamoyo, anadwala masiku atatu n'kutisiya. Titabwera koika, kalaliki wa kopaletivi, a Tembo, anatiitanira mu ofesi. A Tembo anali mnyamata wa tayi, atangobwera kumene kumaphunziro ku Foti Jemusoni, likulu la chigawo chathu, mutu utadzaza maganizo.

"Achimwene," anatero, "lero sitinaike a Mvula okha. Taika ndi njira zonse za ku Pembamoyo. Ndani akudziwa amene ankawasungira matumba? Mwini ngolo ndani? Mudzi woyamba kukumba ndi uti?"

Palibe ankadziwa, ndipo chaka chimenecho nsawa za ku Pembamoyo zinapitadi kwa amwenye.

Mankhwala a a Tembo anali buku. Buku lalikulu lachikuto chakuda, mudzi uliwonse tsamba lake: njira, powolokera, mwini ngolo, mtundu wa nsawa, khalidwe la anthu. Wogula aliyense anene zonse zimene akudziwa, iwo alembe, iye asayine pansi. Anawonjeza kuti kuyambira chaka chotsatira tizisinthana mbali, kuti aliyense adziwe kulikonse, imfa ikabweranso ingotenga munthu, isatenge ndi ntchito yomwe.

Anzanga anawomba m'manja. Ine ndinawomba nawo, koma m'mutu ndinali nditayamba kale kuwerengera. Kwa ine nzeru inali ngati fodya wa m'mphuno: mnzako umam'tsinira pang'ono pachikhatho, sum'patsa kabotolo konse. Ndikanena za mkuyu wopindika, mawa anzangawa ali kwa Kachiswe ndi madebe awo, ine n'kutsala ndi chigongono. Koma ndikakunyoza kwa Kachisweko, aliyense azikulambalala, ndipo ine, poti ndimagona komweko, ndizigulabe mwakachetechete.

Anayamba ndi a Zulu, wogula mnzanga wamtali, munthu wopanda chinsinsi ngakhale chimodzi m'thupi mwake. Anakhuthula zonse, mpaka dzina la galu wa mwini ngolo. Itafika nthawi yanga, midzi ya nsawa zoonda ndinaipereka mowolowa manja. Kwa Kapuche ndinakutamanda ngati ndikufunsirako mbeta. Kenako a Tembo anaviika cholembera mu inki n'kunena kuti, "Kwa Kachiswe. Apa ndiye musatimane, poti ndi kwa akazi anu."

"Kwa Kachiswe," ndinatero ndikupukusa mutu mwachisoni, "lembani kuti ngolo siwoloka. Matope ake amameza ng'ombe mpaka palinunda."

Chimenecho chinali choona ndithu, kwa munthu wowolokera pa njira ya miyendo. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero mukundipeza pakhonde la njerwa. Koma a Zulu anakanda m'mutu.

"Njinga imasenzeka," anatero. "Ine ndikhoza kukaona. Nsawa tizidzawolotsa pamutu."

"Mukaona chiyani, achimwene? Nsawa zake amathira madzi kuti zilemere."

"Onse?" anafunsa a Tembo, cholembera chili m'mwamba.

"Lembani kuti ambiri."

"Zonyowa timayanika," anatero a Zulu.

"Pansi pa thumba amaikanso mchenga."

"Mchenga timapeta."

(Munthu woona mtima ndi wovuta kumunamiza. Chilichonse chimene wam'tchingira nacho, iye amachipezera njira, ali chimwemwere.) Ndinaona kuti matope, madzi ndi mchenga zalephera, pakufunika chinthu chamoyo.

"Chabwino, pitani," ndinatero. "Koma polowa m'mudzi pali nyumba ya mtengo wa mango patsogolo, ya abakha ambiri. Mayi wa pamenepo akaona wogula amatulutsa mawu oti njinga imatembenuka yokha. Wogula wina anam'thira madzi otsukira mbale."

Nachonso sichinali bodza lenileni. Wogula wothiridwa madziyo ndinali ine, tsiku lina nditabisala kuseri kwa mpanda powapatukira, iwo osadziwa kuti kuli munthu. Koma a Zulu, amene saopa matope, akazi olusa ankawaopa. Anati, "Aa, ayi, kumeneko kukhale." A Tembo analemba mosamala kuti: Khalidwe la anthu, mayi wa abakha, wolusa. Ine n'kusayina pansi ndi dzanja langa la Sitandade Thuu, mokhotetsa bwino kuti zioneke zaulemu.

Ndinatuluka ndikuimba mluzu. Mabuku a m'maofesi ndinkawadziwa. Amalembedwa, amaikidwa m'kabati, chiswe n'kumaliza nkhani.

Patapita miyezi, nsawa zili pafupi kukumbidwa, ndinapitanso kwa a Galasiano ndi kapaketi ka shuga. Ndinawapeza pansi pa nkhokwe akukhoma chidebe.

"Akamwini, mwamva za sikelo?" anandifunsa osakweza mutu.

Ndinali nditamva. Kopaletivi inkafuna kupachika sikelo yokhazikika m'mudzi umodzi wa mbali ya Zingalume, kuti amayi asamadikire wogula wa njinga kapena kusenza mitolo mpaka ku boma.

"Sikelo imeneyo ikabwera kuno, mtima wanga uyera," anatero. "Mtima ukayera, makutu amamva bwino. Nkhani yanu ija ingathe tsiku lomwelo. Ndipo inu muli komweko ku ofesi, mutinenerere."

"Atsibweni, musataye tulo. Imeneyo ndi yathu kale."

M'mawa mwake ndinapalasa kupita ku shedi kukayamba kunenerera. A Tembo anandilandira ndi nkhope yowala.

"Nthawi ino palibe zokondera," anatero. "Pamsonkhano wa mamembala tidzawerenga masamba a midzi yonse pamaso pa anthu, ndipo sikelo idzapita kumene buku lanena. Mwaona phindu lake tsopano?"

Ndinaliona. Linali kundiyang'ana lili pa tebulo, lopanda ngakhale kachibowo kamodzi ka chiswe.

Ndinayamba ndi njira yofatsa. Ndinati ndamva kuti anthu a kwa Kachiswe asintha kwambiri chaka chino, mwina tsamba lija tingalikonze. A Tembo anati ndi nkhani yabwino, tidzalemba m'munsi mwake kuti asintha, koma zakale sitifafaniza, kuti wobwera m'mbuyo adziwe kumene tachokera. Ndinayesa yachiwiri. Ndinati ndikufuna kubwereka bukulo ndikaliwerenge kunyumba, ndiphunzire za anzanga (panjira pali mtsinje, ndipo mabuku amaterereka). A Tembo anasangalala mpaka kundigwira chanza.

"Mukanakhala onse otere! Koma simufunika kubwereka. Nali lanu."

Anatsegula kabati n'kutulutsa mtolo wa mapepala osokedwa ndi ulusi. Munthuyo anali atakopera buku lonse ndi pepala la kaboni. Wogula aliyense lake, a wapampando lawo, lina linali litapita kale ku Foti Jemusoni pa lole.

"Nzeru ikakhala pamodzi imafa," anatero. "Ikamwazika, palibe angaiphe."

Ndinavomereza kuti palibedi.

Inatsala njira imodzi, yoti a kwa Kachiswe asapezeke pamsonkhano. Ndinauza a Galasiano kuti misonkhano imeneyi ndi yotopetsa, Chingerezi chokhachokha, mabenchi olimba, ndipo munthu wa msinkhu wawo sayenera kuvutika pamene ali ndi mkamwini woti awaimirire. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwanena zoona," anatero. "Ine pakamwa ndi polemera. Nditenga amayi, eni ake nsawa, akadzinenere okha. Ndi mlongo wanga yemwe, apongozi anu. Ameneyo sachita chibwibwi. Inu mutiyendetsere ngolo, poti pa mkuyu paja mumapadziwa bwino."

Ndi mmene zinakhalira kuti tsiku la msonkhano, ine mwini, ndi chikwapu m'manja, ndinawolotsa ngolo pamtsinje umene ndinalembetsa kuti ngolo siwoloka. Munali a Galasiano, amayi asanu ndi mmodzi, Nabanda ndi Tereza kumbuyo, lichero la nsawa zosankhidwa, njinga yanga itamangidwa pambali, ndi apongozi atakhala chofulatira, nsalu ili kumutu. Ng'ombe zinawoloka madzi osafika ndi m'mawondo momwe. Ndinazikalipira mumtima.

M'shedi munadzaza. A wapampando, mlimi wachikulire wa ku Pembamoyo, anatsegula ndi pemphero, a Tembo n'kuimirira ndi buku lawo. Anayamba ndi kwa Kapuche: nsawa zikuluzikulu, zouma, matumba ambirimbiri chaka chilichonse. Nthumwi ya kwa Kapuche, kamunthu kakafupi ka chipewa cha mlaza, inkangotong'ola maso, koma sinanene kanthu. Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndikuyeza mtunda wa kukafika panjinga.

"Kwa Kachiswe," anawerenga a Tembo. "Njira: ngolo siwoloka."

A Galasiano anakweza dzanja pang'onopang'ono. "Pepani a kalaliki. Ija yaima panjayo, ya ng'ombe ziwiri, ndi ndege?"

Anthu anaseka. A Tembo anasuzumira panja, anayang'ana m'buku, n'kupitiriza, chifukwa anawaphunzitsa kuti tsamba ukaliyamba umalimaliza.

"Nsawa: ambiri amathira madzi kuti zilemere. Pansi pa thumba amaika mchenga."

Kuseka kunatha. Amayi a kwa Kachiswe anayamba kung'ung'udza ngati njuchi zoputidwa. Mmodzi anati, "Mchenga? Ife?" Wina anamanga nsalu m'chiuno.

"Khalidwe la anthu: polowa m'mudzi pali nyumba ya mtengo wa mango. Mayi wa abakha, wolusa. Anathira wogula madzi otsukira mbale."

Kenako panamveka mawu a apongozi, osakweza, osanjenjemera.

"Nabanda."

"Amayi."

"Kwathu kuja oweta abakha alipo angati?"

"Ndinu nokha, amayi."

"Oho."

A Galasiano anaimirira, chipewa chili m'manja. "A wapampando, ife sitikukana kuti munthu akhoza kusokera. Wanena izi ayenera kuti ndi mlendo, anangomva za m'maluwa. Tingam'dziwe, kuti tikamuonetse mudzi?"

"Ubwino wa bukuli ndi umenewo," anatero a Tembo, chifuwa chili patsogolo. "Tsamba lililonse lili ndi mwini wake, kuti wofuna kufunsa adziwe kokafunsa. Ndipo uyu si mlendo ayi." Anawerenga dzina langa, lonse, ndi la bambo anga lomwe, n'kutembenuza buku kuti anthu aone mmene ndinakhotetsera bwino.

Akuti fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ine ndinayankhula, ndipo n'chifukwa chake fisi amandiposa nzeru.

A wapampando anandiitanira kutsogolo. Anati nkhani ndi yapafupi. Ngati tsambalo ndi loona, sikelo ipita kwa Kapuche, a kwa Kachiswe akakonze khalidwe lawo. Ngati ndi labodza, ndiye kuti wogula wanamiza kopaletivi imene imam'dyetsa, ndipo njinga ndi debe zitsala pompano.

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinati, "A wapampando, tisathamange. Pali zoona, pali zoonako pang'ono. Matope alipo, aliyense akhoza kukaona. Za madzi, mwina a kalaliki analemba mothina. Ine ndinati ena, nthawi zina, mame akagwa. Tikumane pakati. Tichotse mchenga, tisiye matope, za abakhazo tikambirane panja."

"Ine ndinalemba zimene munanena," anatero a Tembo. "A Zulu analipo."

"Ndinalipo," anatero a Zulu mokondwa. "Munati njinga imatembenuka yokha."

"Akamwini," anatero a Galasiano ndi mawu awo ofatsa aja, "pano si pa debe. Palibe mutu woti mukanganire. Mlongo wanga amathira mchenga, kapena sathira?"

Ndinayang'ana kunja, kumene njinga inatsamira khoma. Inali njinga yabwino, yabelu, tcheni nditachipaka mafuta dzulo lake. Kenako ndinayang'ana Nabanda. Sanali kulira, sanali kukwiya. Anali akumanga Tereza kumbuyo, n'kuthinitsa mfundo pachifuwa monga amachitira munthu wokonzeka ulendo.

"Bambo a Tereza," anatero, "yankhani bwino. Mkeka wanu si wolemera. Ndikhoza kukakuikirani panjira ndi dzanja limodzi."

Amene simudziwa chikamwini, mkeka ukaikidwa panjira ndiye kuti ukwati watha, ndipo mwana amatsala kwa amake. Ndagulapo zinthu zambiri m'moyo, ndipo ndimadziwa pamene wogulitsa wafika pa mtengo wake womaliza.

"Sathira," ndinatero.

"Mokweza," anatero a wapampando. "A kalaliki akulemba."

Ndinanena mokweza. Ndinati nsawa za kwa Kachiswe ndi zouma, zopanda mchenga, zoposa zonse mbali ya Zingalume. Ndinati matumba amene ndinkati ndi a kwa Kapuche ankachokera kumeneko. Ndinanena za mkuyu wopindika ndi thanthwe lake. Ndinati mayi wa abakha ndi apongozi anga, sanatukwanepo wogula aliyense, ndipo madzi aja anagwera munthu amene anabisala pamalo otayira madzi.

A Zulu anapita palichero, anatola nsawa imodzi, kuigwedeza pakhutu, kuiswa, kuitafuna. "Izi ndi zija za kwa Kapuche!" anafuula, ngati wapeza mbale wake wotayika.

A wapampando anatembenukira kwa kamunthu ka chipewa cha mlaza. "Nanga inu, bwanji munangokhala chete?"

"Ife kwathu timalima fodya," kanatero. "Ndimati kapena nsawazo zimamera ine ndili kumowa. Komanso munthu akamakutamanda, sum'dula mawu."

Njinga inatsala pomwepo. Pobwerera ndinayendetsanso ngolo, ndipo kuchokera ku boma mpaka pa mkuyu palibe anandilankhula, kupatula Tereza amene anali asanadziwe kuwerenga.

Chilango china chinabwera m'mawa mwake. Kwa milungu iwiri ndinayenda wapansi ndi ogula anzanga, iwo akukankha njinga (imodzi mwa izo ija yabelu), ine ndikuwaonetsa zonse. Powolokera, eni ngolo, mayi woyenera kuyamba kum'patsa moni kuti ena onse atsatire, mudzi umene sugulako tsiku la maliro ngakhale akuitane okha. Ndinawaphunzitsa khutu ndi chigongono. A Tembo ankatsatira ndi buku, akulemba. Nditawapempha kuti tsamba lakale lija aling'ambe tsopano, anati ayi, lili ndi phunziro lake, ndipo anangolemba mzere m'munsi mwake. Ndikumva kuti ogula atsopano ankayambira pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chimenecho shedi inadzaza mpaka matumba ena kugona panja atafunditsidwa tenti. Ndikunena izi chifukwa ndi zoona, osati chifukwa zinandikondweretsa.

Kwa apongozi ndinapereka tambala woyera wopepesera, kudzera mwa a Galasiano. Madzulo ake, ndili kuseri kwa mpanda, ndinawamva akuuza abakha kuti, "Tambala ndi wonenepa. Tiyeni timupise dzanja mpaka m'chigongono, mwina pansi pali mchenga."

Sikelo inabwera kwa Kachiswe. Itafika nkhani ya munthu woiyang'anira, anali a Galasiano amene anaimirira pamaso pa komiti n'kunditchula ine. Anati nsawa ndimazidziwa, zimenezo palibe angakane, ndipo chimene ndinkasowa ndi maso ondiyang'anira, amene kwa Kachiswe alipo ambiri. Malo opachikapo sikelo anasankhanso okha: nthambi yaikulu ya mango uja, moyang'anizana ndi khonde la mlongo wawo.

Ndinadikira mwezi wathunthu, kenako ndinapita ndi shuga.

"Atsibweni, sikelo yabwera. Munati mtima ukayera, makutu amamva."

"Wayera ndithu, akamwini, ndipo ndikumva bwino kwambiri," anatero akukhoma chidebe. "Munkafuna chitengwa chifukwa ntchito inali ku boma, ulendo unkakutalikirani. Si choncho? Tsopano ntchito yakutsatirani pakhomo. Mukatani ku boma? Mukufuna amayi a kuno aziyezeredwa ndi mlendo?"

Shuga analandira ndi manja awiri.

Njerwa zanga zija ndinasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri kwa a Zulu, ndipo pamenepo, ndikuuzeni, ndinawadya, chifukwa zina zinali zitasweka ndi mvula. Nabanda mkeka sanauike panjira. Tereza anakula, anabadwa ena anayi, onse pansi pa maso a mayi wa abakha.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinaphunzira. Ndinaphunzira ndithu kuti kalaliki wa kaboni ndi woopsa kuposa chiswe. Koma pa ulendo wa milungu iwiri uja, chinthu chimodzi ndinasunga. Kuchokera pa sikelo kupita kunyumba kwanga, njira imadutsa pakhonde penipeni pa apongozi. Ine ndinali nditapeza kale kanjira kena, kozungulira kuseri kwa chulu, kotulukira kukhola la mbuzi, koti mkamwini akhoza kufika kwake osapatukira m'minga. Akamwini anzanga atatu a m'mudzimo ankang'ambika miyendo tsiku ndi tsiku, ine ndikufika wosalala. Sindinauze aliyense.

Ndinayenda m'menemo zaka ziwiri ndikudziyesa wochenjera. Tsiku lina masana, ndikukhota pachulu paja, ndinapeza apongozi atakhala pomwepo chondifulatira, akuswa nsawa, bakha mmodzi ali pambali. Kothawira kunalibe. Ndinaima ngati chitsa.

"Iwe," anauza bakhayo, osatembenuka, "kanjira aka nakonso akakalembetse m'buku. Anzawo akuvutika."

Sindinakakalembetse. Mukakafuna, bwerani pa mango, tikambirane. Koma muyambe ndinu kutchula mtengo.